Fyuzi ya galimoto

Fyuzi ya galimoto ndi kachipangizo kamene kamateteza mawaya a magetsi kuti asapse. Mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala kamene kamasungunuka magetsi akadutsa mopyola muyeso, ndipo njira ya magetsiyo imaduka waya asanatenthe. Mbali iliyonse, monga nyali, hutala, wailesi, mawaipa ndi soketi yotchajira foni, imakhala ndi fyuzi yoiteteza.

Mitundu

Galimoto zambiri za masiku ano zimagwiritsa ntchito fyuzi yapulasitiki ya timiyendo tiwiri, imene kampani ya Littelfuse ya ku America inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1970. Ilipo yaikulu (maxi), yapakati, yaing'ono (mini) ndi ina yaing'ono ya timiyendo tatifupi, yomwe imapezeka kwambiri m'galimoto za ku Japan. Galimoto zakale zina zili ndi fyuzi yagalasi.

Mphamvu ya fyuzi imayezedwa m'ma ampeya. Nambala yake imalembedwa pamwamba, ndipo mtundu wa pulasitiki umagwirizana ndi nambalayo: yabulauni ndi 7.5, yofiira 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yoyera 25, yobiriwira 30.

Kumene imapezeka

Galimoto zambiri za ku Malawi ndi zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zomwe zambiri zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Nthawi zambiri zimakhala ndi mabokosi awiri a mafyuzi. Lina lili mu boneti pafupi ndi batire, ndipo limasunga mafyuzi a injini ndi zipangizo zokoka magetsi ambiri. Lina lili mkati, pansi pa chiwongolero kapena kuseri kwa kabokosi kosungiramo zinthu kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Fyuzi ya soketi imakonda kukhala m'bokosi lamkatili.

Pachivundikiro cha bokosi pamakhala chithunzi chosonyeza malo a fyuzi iliyonse. Ya soketi imalembedwa CIG, ACC kapena P/OUTLET. Poti buku la galimoto zotere limabwera m'Chijapanizi, chithunzichi ndiye chimathandiza kwambiri.

Soketi ndi katundu wake

Ku Chigwirizano, kufupi ndi Likuni, monganso ku Chinsapo, Kawale ndi Area 25, soketi ya m'minibasi ndi m'matakisi imagwira ntchito tsiku lonse, makamaka magetsi a ESCOM akazima. Galimoto zing'onozing'ono zimayendera mavoti 12, ndipo soketi zambiri zimalembedwa kuti 120W, kutanthauza ma ampeya 10. Fyuzi yake imakhala ya 10, 15 kapena 20, malinga ndi galimoto. Tchaja ya foni imakoka magetsi ochepa, koma pampu yopopera matayala kapena inverter ikhoza kupyola malirewo. Ndalama yachitsulo ikagwera mu soketi imachititsanso shoti.

Kusankha ndi kusintha

Galimoto imazimitsidwa kaye. Kenako fyuzi imazulidwa ndi kopanira kapulasitiki kamene kamakhala m'bokosi la mu boneti. Yopsa imaoneka poiunika padzuwa, chifukwa kachitsulo kake kamakhala kataduka. Amakaniko amayezanso ndi tesita osaizula.

Fyuzi yatsopano iyenera kufanana ndi yakale kukula ndi nambala yomwe. Yochepera imapsa msanga, koma siwononga kanthu. Yopyola nambala ndiyo yoopsa: waya wopangidwira ma ampeya 10 akapatsidwa fyuzi ya 30, amatentha ndi kusungunula pulasitiki yomukuta fyuziyo isanaduke. Kulumikiza ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kumachotseratu chitetezo, ndipo moto ukhoza kubuka kuseri kwa chiwongolero.

Mafyuzi amagulitsidwa m'mashopu a masipeyala a ku Biwi, ku Malangalanga ndi m'misika ya m'matauni. Ndi bwino kutenga yakaleyo pokagula, chifukwa yaing'ono ndi ya timiyendo tatifupi zimasokoneza. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti vuto lili pa waya wokhuzuka kapena pa chipangizo cholumikizidwacho, ndipo galimoto iyenera kuonedwa ndi makaniko wa zamagetsi.