Antigone: Maliro a Mbale ndi Lamulo la Mfumu

Kalekale m'dziko la Greece, anthu a mu mzinda wa Athens ankasonkhana caka ndi caka kudzapenya masewero pa cikondwerero ca mulungu wao Dionysus. Pafupifupi zaka 441 Kristu asanabadwe, mlembi wina, dzina lace Sophocles, anaonetsa sewero lochedwa Antigone.

Nkhani yace ndi iyi. Ana awiri a mfumu Oedipus, Eteocles ndi Polyneices, analimbirana ufumu wa mzinda wa Thebes. Polyneices anakatenga ankhondo ku Argos nadzathira nkhondo mzinda wa kwao, ndipo abale awiriwo anaphana pacipata. Ufumu unagwera Creon, mtsibweni wao. Iye analamula kuti Eteocles aikidwe mwaulemu, koma mtembo wa Polyneices usiyidwe pamtetete, audye agalu ndi mbalame. Woyesa kuuika aphedwe.

Mlongo wao Antigone sanamvere lamuloli. Mng'ono wace Ismene anacita mantha, motero Antigone anamuka yekha nakawaza dothi pamtembopo. Atagwidwa sanakane mlandu. Anauza Creon kuti mwambo wa kuika akufa ngwa milungu, ndipo mfumu siingathe kuufafaniza.

Tsono munthu asafulumire kuyesa Creon wamisala. Ku Athens komweko kunali lamulo lakuti wopereka dziko lace kwa adani asaikidwe m'nthaka ya kwao. Thucydides, wolemba mbiri, asimba kuti mafupa a Themistocles, kazembe wa nkhondo amene anathawira kwa Aperisi, abale ace anawabweza kwao nawaika mobisa cifukwa ca lamulo lomweli. Openya sewerolo anadziwa bwino cimene Creon ankaopa. Koma iye anapyola muyeso: kukaniza manda m'dziko ndi kwina, kulonda mtembo kuti uwole poyera ndi kwinanso. Ndiponso wakufayo anali mwana wa mlongo wace, amene iye mwini akadayenera kumuika.

Creon anatsekera Antigone m'phanga wamoyo. Pamene mlauli wakhungu Tiresias anamcenjeza kuti milungu yakwiya, mtima wace unatembenuka. Anayamba wakaika Polyneices, pambuyo pace namka kuphanga, koma anapeza Antigone atadzimangirira. Haemon, mwana wa Creon, amene anatomera namwaliyo, anadzibaya ndi lupanga pomwepo. Ndipo amai wace Eurydice, pakumva uthengawo, analowa m'nyumba osanena kanthu nadzipha.