Timau Tating'ono ta Chingerezi pa Zomba

M'munsi mwa phiri la Zomba, kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, muli nyumba yakale ya nsanja ziŵiri zosongoka. Anaimanga John Buchanan m'chaka cha 1886, kumangira Hawes, nthumwi ya boma la Britain, ndipo anthu poona nsonga zakezo anaitcha Masongola. Pamene Harry Johnston anafika mu 1891 nakhazika likulu la boma pa Zomba, analoŵa m'nyumba yomweyi. Kuyambira pamenepo kufikira 1975, chaka chimene likulu linasamukira ku Lilongwe, malamulo ndi makalata a boma ankachokera pansi pa phiri limeneli, ndipo onse ankalembedwa m'Chingerezi.

Koma Chingerezi chimene chinafika pa Zomba chinali cha mitundu iŵiri, chapapepala ndi chapakamwa. Bwana akafuna kuti msonkhano uyambe waima kufikira tsiku lina, m'kalata ankalemba "postpone". Potuluka muofesi nkuuza mesenjala wake, ankati "put off". Pachikalata chochenjeza za moto pankalembedwa "extinguish", koma khukhi kukhitchini ankauzidwa kuti "put out". Mlembi amene anaphunzira kumishoni, monga ku Domasi, ankawadziŵa bwino mau ataliataliwo, pakuti anali m'mabuku ndipo lililonse linali ndi tanthauzo lake lokhazikika. Chimene chinkamtayitsa njira chinali kamneni kakafupi kotsatidwa ndi kamau kena kochepetsetsa. Mneni mmodzi yemweyo, "look", akatsatidwa ndi "at" ndiko kuyang'ana, akatsatidwa ndi "for" ndiko kufunafuna, akatsatidwa ndi "after" ndiko kusamalira. Munthu wouzidwa kusamalira mwana, iye nkumva kuti amfunefune, ntchito ikanatha kumthera tsiku lomwelo.

Timau timeneti tinabwera kutali. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, Angerezi akale ankakonda kutiphatikiza koyambirira kwa mneni, monga momwe Chijeremani chichitira kaŵirikaŵiri mpaka lero. Zotsalira za nthaŵi imeneyo ndi mau onga "understand" ndi "forgive". M'zaka mazana zotsatira, makamaka Anormani atagonjetsa England mu 1066, chiyankhulo chinasintha kwambiri: timauto tinayamba kuima patokha pambuyo pa mneni, ndipo panthaŵi yomweyo mau ataliatali a Chifalansa ndi Chilatini analoŵa m'mabwalo a milandu, m'matchalitchi ndi m'sukulu. Ndicho chifukwa chake Chingerezi chili ndi mau aŵiriaŵiri pa chinthu chimodzi, lina la bwalo, lina la pakhomo. Ndicho chifukwa chakenso malo a kamauko ali nkanthu: "overcome" ndi kugonjetsa pamene "come over" ndi kubwera kuno, "upset" ndi kukhumudwitsa pamene "set up" ndi kukhazikitsa.

Eni ake chiyankhulo anaona okha kuti apa pali msampha. Samuel Johnson, potulutsa dikishonale yake yotchuka ku London mu 1755, anachenjeza kuti aneni otere ndiwo asautsa alendo koposa, popeza munthu angadziŵe mau onse aŵiri payekhapayekha koma osatha kulota tanthauzo lake akaphatikizidwa. Dzina lakuti "phrasal verb", limene aphunzitsi a Chingerezi amatchula m'kalasi, linafala ndi buku la Logan Pearsall Smith la mu 1925. Pofika chaka chimenecho, anthu a pa Zomba anali atalimbana kale ndi timauti kwa zaka zoposa 30.

Amene anakumana nato maso ndi maso anali asilikali. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Zomba ndiye anali mudzi wa asilikali a Nyasaland, monga chipilala chachikumbutso chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks chichitira umboni. Chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku m'magulu ameneŵa chinali Chinyanja, koma malamulo a pa perete ankafuulidwa m'Chingerezi: "fall in", "fall out", "stand to". Mnyamata wochokera ku Chingale kapena ku Jali, amene sanapondeko pasukulu, sankafunsa kuti kugwa kukuloŵa bwanji pa nkhani yoima pamzere. Khutu lake linkamva mau amodzi, miyendo nichita zimene sajeni afuna. Pa ichi msilikali anaposa mlembi, pakuti aneni ameneŵa aphunzirika motero basi: kuwameza athunthu, osawang'amba pakati.

Lamulo lija lakuti "fall in" linayenda ulendo wautali. M'Chiswahili linasanduka "foleni", ndiwo mzere wa anthu odikira kanthu. M'Chizulu ndi m'Chicheŵa linasanduka mneni wakuti "fola", kotero kuti lero ana afola m'maŵa pasukulu, amayi afola pachigayo, ndipo palibe aganiza za sajeni. Ku Zambia kufola ndiko kulandira malipiro, popeza antchito ankalandira ndalama zao ataima pamzere. Kamau kaja "in" kanatayika panjira, tsinde nililandira maphatikizo a Chicheŵa ngati mwana wobadwira pakhomo: kufoletsa, kufolera. Mau ena analoŵa athunthu, monga ovololo ya makaniko ndi galimoto ya pikapu. Amene anapita kumigodi ya ku Johannesburg anabwerako ndi chenjezo lakuti "basopo", lochokera ku "pas op" wa Chibunu, chiyankhulo chimene chili pa ubale ndi Chingerezi ndipo chili ndi khalidwe lomweli.

Nanga nchifukwa ninji timauti tisautsa mwini Chicheŵa? Yankho lili m'Chicheŵa momwemo. Ntchito imene Mngerezi aipatsa kamau koima pakokha, Mcheŵa aipatsa mphatikira ya mkati mwa mneni. Pamene Mngerezi ati "put on" ndi "take off", Mcheŵa ati vala ndi vula. Tseka abala tsekula, mata abala matula. Pamene Mngerezi afuna "for" kuti anene zophikira mlendo, Mcheŵa angosandutsa phika kukhala phikira. Chokapo, chokako ndi chokamo asiyanitsa malo atatu ndi timapeto titatu, luso limene mlendo wophunzira Chicheŵa alimbana nalo zaka. Tsono munthu wozoloŵera kuti mneni asenze yekha katundu wake yense, akaloŵa m'Chingerezi aona kamau kotsatirako ngati chokometsera chabe. Nthaŵi zina akataya, nanena "pick" pamene Mngerezi akanati "pick up". Nthaŵi zina akaika posafunika, nanena "discuss about", chifukwa m'mutu mwake muli kukambirana za kanthu.

Sukulu zinachedwa kuliona vutoli. Sekondale ya Katolika ya pa Zomba inatsegulidwa mu 1942, ndipo Chancellor College inasamukira kumeneko mu 1973. M'zaka zonsezi ulemu unkapita kwa wodziŵa mau aatali. Mnyamata wonena "commence" ankaoneka wophunzira kuposa wonena "set off" kapena "get on with", chonsecho mau achidulewo ndiwo ovuta, ndiponso mizu yao m'Chingerezi njakale kuposa ya mau a Chilatini aja. Mu 1968 Chicheŵa chinakhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi nichikhalabe cha boma, ndipo Nyumba ya Malamulo, imene inatsalira pa Zomba kufikira 1994, inkakambirana m'Chingerezi. M'nyumba imeneyo phungu wosadziŵa kusiyanitsa "call on" ndi "call off", kapena "stand for" ndi "stand down", akanatha kunena chosemphana ndi chimene anthu a kwao anamtuma, ndipo alembi a Hansard akanachilemba monga momwe chinatulukira pakamwa.