Maphunziro Apamwamba a Mbiri Yakale ya Maiko Ozungulira Nyanja ya Mediterranean

Nthawi ndi nthawi akhristu amamva chilengezo m'tchalitchi chakuti Ambuye Episkopi atumiza wansembe wina ku Roma kuti akapitirize maphunziro. Ambiri amadabwa: munthu amene watha kale zaka zochuluka ku seminale akukafunanso chiyani? Ena mwa ansembe otere amakaphunzira malamulo a Eklezia, koma ena amakazama pa mbiri, ziyankhulo ndi chikhalidwe cha anthu akale amene ankakhala m'mphepete mwa Nyanja ya Mediterranean. Nkhani ino ikufotokoza za maphunziro amenewa, kumene amachitikira, ndiponso phindu lake kwa katekisi wa ku Neno, ku Lisungwi kapena ku Ligowe.

Maphunzirowa ndi otani

Nyanja ya Mediterranean, imene Malembo Oyera amaitchula kuti Nyanja Yaikulu, ili pakati pa zigawo zitatu za dziko lapansi: Ulaya kumpoto, Asia kum'mawa ndi Africa kumwera. M'mphepete mwake munakhala Aejipito, Afoinike, Aisraele, Agiriki ndi Aroma. Pa nthawi imene Ambuye Yesu anabadwa, pafupifupi maiko onse ozungulira nyanjayi anali pansi pa ulamuliro wa Roma, ndipo Chigiriki ndicho chinali chiyankhulo cha malonda ndi maphunziro m'chigawo cha kum'mawa. N'chifukwa chake mabuku onse 27 a Chipangano Chatsopano analembedwa m'Chigiriki.

Amene amaphunzira mbiri ya anthuwa pa sukulu ya ukachenjede sadalira mabuku a masiku ano okha. Amawerenga zolemba zakale m'ziyankhulo zake zenizeni, monga Chigiriki, Chilatini ndi Chihebri. Amaphunziranso kuwerenga mawu ozokotedwa pa miyala, ndalama zachitsulo, mipukutu yagumbwa, ndiponso kutanthauzira zinthu zofukulidwa pansi monga manda, miphika ndi maziko a nyumba. Cholinga chake n'kudziwa zimene zinachitikadi, nthawi yake, ndi mmene anthu a nthawiyo ankamvera mawu amene ife timawerenga lero.

Zimene tili nazo kale pakamwa pathu

Mkhristu wa ku Neno amalankhula mawu a anthu akalewa mlungu uliwonse mosazindikira. Mawu akuti Eklezia, Ukaristia, Episkopi, Apostoli, katekisimu ndi dzina loti Khristu anachokera ku Chigiriki. Eklezia unali msonkhano wa nzika za mzinda, ndipo episkopi anali woyang'anira. Mawu akuti Misa ndi Sakramenti anachokera ku Chilatini. Ngakhale liwu loti dayosizi poyamba linkatanthauza chigawo cha boma la Aroma.

Mawuwa anafika kuno ndi amishoni. Ansembe a chipani cha Montfort anayamba ntchito yawo ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo mu 1906 anatsegula mishoni ya Neno, imodzi mwa mishoni zakale kwambiri mu Arkidayosizi ya Blantyre. Kwa zaka zoposa 50 Misa ya ku Neno inkachitika m'Chilatini, mpaka Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, wa m'zaka za 1962 mpaka 1965, unatsegula njira yoti anthu azipemphera Misa m'ziyankhulo zawo.

Gawo la Africa m'mbiri imeneyi

Ena amaganiza kuti maphunzirowa ndi a zinthu za azungu zokhazokha. Maganizo otere amaiwala kuti gombe lonse la kumwera kwa nyanjayi ndi Africa. Mumzinda wa Alexandria, ku Egypt, ndi mmene Ayuda anayamba kumasulira Chipangano Chakale m'Chigiriki, zaka pafupifupi 250 Yesu asanabadwe. Baibulo limeneli, lotchedwa Septuagint, ndi limene akhristu oyamba ankawerenga.

Chikhristu cha m'Chilatini nachonso chinakula msanga ku Africa. M'chaka cha 180 akhristu a ku Scillium anaphedwa ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, ndipo nkhani ya mlandu wawo ndi imodzi mwa zolemba zachikhristu zakale kwambiri za m'Chilatini. Mu 203 Perpetua ndi Felicity anafera chikhulupiriro mumzinda womwewo. Tertullian wa ku Carthage ndiye woyamba kudziwika kuti anagwiritsa ntchito liwu la Chilatini lonena za Utatu Woyera. Cyprian Woyera, episkopi wa Carthage, anadulidwa mutu mu 258. Augustine Woyera anabadwa mu 354 ku Thagaste ndipo anamwalira mu 430 ku Hippo, malo amene onse ali m'dziko la Algeria lero. Apapa atatu, Victor Woyamba, Miltiades ndi Gelasius Woyamba, amatchulidwa m'mabuku akale a Eklezia kuti anali ochokera ku Africa. Choncho Mmalawi amene akuphunzira zimenezi akuphunziranso mbiri ya Eklezia ya mu Africa muno.

Kumene maphunzirowa amachitikira

Ku Roma kuli sukulu zingapo za Eklezia zimene zimaphunzitsa nthambi za maphunzirowa. Pontifical Biblical Institute inakhazikitsidwa ndi Papa Pius X mu 1909 kuti izamitse ophunzira pa Malembo Oyera ndi pa ziyankhulo za kum'mawa, ndipo mu 2024 inaphatikizidwa ku Yunivesite ya Gregorian. Pontifical Institute of Christian Archaeology, imene Papa Pius XI anakhazikitsa mu 1925, imaphunzitsa za manda apansi, matchalitchi akale ndi zinthu zina zofukulidwa. Sukulu ya Augustinianum, imene inayamba mu 1969, imazama pa zolemba za Makolo a Eklezia, ndiye kuti aphunzitsi a chikhulupiriro a zaka mazana oyambirira. Ku Yerusalemu kuli École Biblique, imene wansembe wa chipani cha Adominiko, Marie-Joseph Lagrange, anayambitsa mu 1890. Kufupi ndi kwathu kuno, Yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa ili ndi nthambi ya maphunziro a zinthu zakale.

M'Malawi muno maseminale anali ena mwa malo amene ankaphunzitsa Chilatini. Seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji inatsegulidwa mu 1939, ndipo ya St Peter's ku Zomba mu 1977. Kunja kwa Eklezia, amene analimbikitsa kwambiri maphunzirowa anali Dr Hastings Kamuzu Banda. Pa sukulu ya Kamuzu Academy, imene anatsegula ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, analamula kuti ophunzira onse aphunzire Chilatini ndi Chigiriki. Mu 1982 ku Chancellor College ku Zomba kunayamba nthambi ya maphunziro a Agiriki ndi Aroma. Mayi amene anaiyambitsa, Caroline Alexander, anagwira ntchitoyi mpaka 1985, ndipo mu 2015 anatulutsa ndakatulo yaitali ya Homer yotchedwa Iliad ataimasulira m'Chingerezi. Pa nthawiyo ena ankadandaula kuti dziko losauka likuwononga chuma pa ziyankhulo zimene palibe amazilankhula. Dandaulo limeneli ndi loyenera kuliganizira, ndipo yankho lake lagona pa ntchito imene ophunzirawo amagwira akabwerera pakati pa anthu.

Njira yake ndi kulemera kwake

M'sukulu za Eklezia maphunziro ali ndi makwerero atatu. Loyamba ndi digiri yoyamba ya filosofi kapena ya tewoloje. Lachiwiri ndi digiri yotchedwa Licentiate, imene imatenga zaka ziwiri kapena zitatu ndipo imamulola munthu kuphunzitsa m'seminale yaikulu. Lachitatu ndi udokotala, pamene wophunzira amalemba buku la kafukufuku wakewake ndi kuliteteza pamaso pa aphunzitsi. M'mayunivesite a boma makwererowa amafanana: digiri yoyamba, ya masitala, kenaka ya udokotala. Maphunzirowa si a ansembe okha. Asisitere ndi akhristu eni ake, amuna ndi akazi, amaloledwanso.

Chimene chimalemetsa ntchitoyi ndi ziyankhulo. Kuwonjezera pa ziyankhulo zakale zija, wophunzira amafunika kuwerenga Chitaliyana, Chifalansa ndi Chijeremani, popeza mabuku ambiri a akatswiri analembedwa m'ziyankhulo zimenezi. Dayosizi nayo imadzimana, chifukwa wansembe amene ali kusukulu wasiya parishi imene ikanamufuna. N'chifukwa chake Ambuye Episkopi satumiza munthu kaamba ka ulemu wake, koma kaamba ka kusowa kwa aphunzitsi m'maseminale ndi m'malo osulira akatekisi.

Phindu lake kwa katekisi

Phindu loyamba ndi kutsimikizira kuti chikhulupiriro chathu chinachitika m'malo ndi m'nthawi zodziwika. Mu 1961 ofukula zinthu zakale anapeza ku Caesarea mwala wolembedwa dzina la Ponsio Pilato ndi udindo wake. Ku Delphi, m'dziko la Greece, kunapezeka mwala wotchula Galio, bwanamkubwa amene Paulo Woyera anaimirira pamaso pake ku Korinto, ndipo mwalawo umathandiza kudziwa kuti zimenezi zinachitika cha m'ma 51. Mipukutu imene inayamba kupezeka ku Qumran mu 1947 ili ndi buku la Yesaya lokopedwa Yesu asanabadwe.

Phindu lachiwiri ndi kuyankha mafunso amene katekisi amakumana nawo m'mudzi. Anthu amafunsa chifukwa chimene Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73 pamene Buku Lopatulika la 1922 lili ndi 66. Yankho lili m'mbiri. Mabuku asanu ndi awiri enawo, monga Tobiti, Juditi ndi mabuku awiri a Amakabeo, anali m'Baibulo la Chigiriki lija, ndipo misonkhano ya maepiskopi a ku Africa, wa ku Hippo mu 393 ndi wa ku Carthage mu 397, inawawerengera pamodzi ndi mabuku ena opatulika. Mndandanda wakale kwambiri wotchula ndendende mabuku 27 a Chipangano Chatsopano uli m'kalata ya Pasaka imene Athanasius Woyera wa ku Alexandria analemba mu 367.

Funso lina ndi ili: kodi ubatizo woperekedwa ndi wansembe amene wagwa m'tchimo ndi woona? Mkangano umenewu unagawa Eklezia ya kumpoto kwa Africa kwa zaka zoposa 100, pamene otsatira a Donatus ankabatizanso anthu obatizidwa kale. Augustine Woyera anaphunzitsa kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, kotero mphamvu ya Sakramenti siidalira kuyera kwa mtumiki. Eklezia imaphunzitsabe chimodzimodzi. Nacho chikhulupiriro chimene timanena pa Misa ya Lamulungu chinayambira ku msonkhano wa ku Nicaea mu 325, ndi kukwaniritsidwa ku Constantinople mu 381. Mu Novembala 2025 Papa Leo XIV, amene ndi wa chipani cha Augustine Woyera, anakapemphera pa malo a Nicaea, m'dziko la Turkey, pokumbukira zaka 1,700 za msonkhanowo.

Phindu lachitatu ndi kumasulira. Malembo Oyera a 1966 ndi Buku Loyera la 1998 zikutikumbutsa kuti mawu a Mulungu amafika m'Chichewa kudzera mwa anthu amene adziwa bwino chiyankhulo chochokera ndi chiyankhulo cholandira. Ntchito imeneyi siitha, chifukwa Chichewa chimasintha ndi mibadwo.

Chenjezo lochokera ku Carthage

Pa msonkhano wa ku Carthage mu 411 panasonkhana maepiskopi oposa 500 a mbali ziwiri zotsutsana zija. Koma Aluya atalanda mzindawo mu 698, Eklezia ya kumeneko inafooka pang'onopang'ono mpaka kuzimirira. Akatswiri ambiri amati mwa zifukwa zake munali magawano aja, ndiponso kuti Malembo ndi mapemphero zinakhalabe m'Chilatini, osalowa m'ziyankhulo za anthu akumidzi. Ku Egypt ndi ku Ethiopia, kumene Baibulo linamasuliridwa msanga m'Chikoputiki ndi m'Chigeezi, Eklezia ilipo mpaka lero.

Apa m'pamene ntchito ya wophunzira wa ku Roma imakumana ndi ya katekisi wa m'mphakati. Zimene wina wapeza m'mabuku a Chigiriki ziyenera kufika kwa mnzakeyo m'Chichewa chomveka, kuti iyenso azifikitse kwa ophunzira za ubatizo ndi kwa ana a Ukaristia woyamba. Choncho akhristu apempherere amene atumidwa kusukulu, ndipo akabwerako awaitane ku misonkhano ya akatekisi ndi kuwafunsa mafunso mosaopa. Makolo nawonso asamugwetse ulesi mwana amene akukonda mbiri ndi ziyankhulo, pakuti Eklezia ya m'Malawi ikusowa anthu otere.