Tsabola wa ku Hatch: Kuchokera m'munda kufika pa burger

Mlendo akafika ku New Mexico, kumwera chakumadzulo kwa United States, m'mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, mphuno ndi imene imayamba kumuuza kuti wafika. Kunja kwa masitolo amaikako migolo yachitsulo yoboolaboola imene amaizunguza pamoto wa gasi. M'katimo mumathetheka tsabola wobiriwira, wautali kuposa chikhatho, mpaka khungu lake lichite matuza ndi kuda. Akamusenda, amamuduladula n'kumuyala pa nyama yogaya ya burger, tchizi n'kusungunukira pamwamba. Ukaluma, kafungo ka utsi kamatsogola, kuwawa n'kubwera pambuyo pang'onopang'ono, osati mwaukali ngati kambuzi wathu.

Kukoma kumeneku kuli ndi mbiri yaitali. Kwawo kwa tsabola yense ndi ku America, ndipo amene timadya kuno anabwera ndi amalonda a Chipwitikizi. Ku New Mexico ulimi wake unafala Asipanishi atakhazikika m'chigwa cha Rio Grande kuyambira mu 1598, motsogozedwa ndi Juan de Oñate. Kwa zaka mazana, banja lililonse linkasunga mbewu yakeyake. Vuto linali lakuti tsabolayo anali wosadalirika: wina wozizira, wina wolilitsa munthu wamkulu, wina wokhotakhota wovuta kusenda.

Amene anakonza zimenezi ndi Fabián García. Iye anabadwira ku Chihuahua, m'dziko la Mexico, mu 1871, ndipo makolo ake atamwalira analeredwa ndi agogo ake aakazi, amene anasamuka naye kupita ku New Mexico. Mu 1894 anali m'gulu loyamba kumaliza maphunziro pa sukulu ya zaulimi ya ku Las Cruces, imene lero ndi New Mexico State University. Chaka ndi chaka ankasankha mbewu, kubzala, kulawa, n'kusankhanso. Mu 1921 anatulutsa mtundu wotchedwa New Mexico No. 9: wosalala, wamnofu, wowawa mofanana nthawi zonse. Apa m'pamene alimi anayamba kulima tsabola wogulitsa, makamaka m'minda yothirira ya ku Hatch, mudzi umene dzina lake lamatirira pa tsabolayu. Mu 1975 katswiri wina wa zaulimi, Roy Nakayama, anawonjezera mtundu wina waukulu, Big Jim, dzina lokumbukira mlimi wa ku Hatch, Jim Lytle.

Nanga tsabolayu anakwera bwanji pa burger? Ambiri amaloza ku Owl Bar, m'kamudzi ka San Antonio, kumene Frank Chavez ankadyetsa alendo mu 1945. Ena mwa alendowo anali asayansi amene ankakonzekera kuyesa bomba loyamba la nyukiliya pamalo otchedwa Trinity, limene linaphulitsidwa pa 16 Julayi chaka chomwecho. Nkhani imene eni malowo amasimba ndi yakuti tsabola ankaperekedwa m'kambale kapadera, koma tsiku lina wotsuka mbale sanabwere, ndiye Chavez anangomuthira pa nyama pomwepo.

Lero chakudyachi ndi chonyaditsa dera lonse. Mu 2009 akuluakulu a zokopa alendo anakhazikitsa mndandanda wa malo ogulitsa burger yotereyi kuti apaulendo aziutsata mzinda ndi mzinda. Mu 2023 boma la New Mexico linavomereza mwalamulo kuti fungo la tsabola wobiriwira wowotcha ndilo fungo loimira deralo. Lilinso ndi funso lake lovomerezeka, limene woperekera chakudya amafunsa aliyense: tsabola wofiira kapena wobiriwira? Wofuna zonse ziwiri amangoyankha kuti Khirisimasi.

Wapaulendo amaluma kamodzi n'kupukuta thukuta, koma chimene chili m'kamwa mwake ndi zaka zambirimbiri za mwana wamasiye uja amene anawerama m'munda, n'kuona kuti mbewu ya makolo ndi yoyenera kuisamala. Ndi chifukwa chake mlimi wa ku Hatch amagulitsa tsabola wake ndi dzina la mudzi wake, ndipo anthu amayenda mtunda wautali kuti akamulawe kwawo komweko.