Dothi, madzi, moto, mphepo ndi mlengalenga: mbiri ya chiphunzitso cha Ahindu

Ahindu amakhulupirira kuti dziko ndi thupi la munthu zinaumbidwa ndi zinthu zisanu: dothi, madzi, moto, mphepo ndi mlengalenga. Chiphunzitsochi chinakula pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 3,000.

M'buku la Rigveda, lokhala ndi nyimbo 1,028 zopekedwa cha pakati pa 1500 ndi 1200 Yesu asanabadwe, zinthuzi zinali milungu yopembedzedwa. Agni, mulungu wa moto, ndiye ankanyamula nsembe za anthu kupita nazo kwa milungu ina, ndipo nyimbo pafupifupi 200 ndi zake. Vayu anali mphepo, Prithvi anali mayi dziko.

Patapita zaka mazana, anzeru amene anasiya mabuku a Upanishad anayamba kufunsa gwero la zonse. Buku la Chandogya linatchula zinthu zitatu: moto, madzi ndi chakudya. La Taittiriya linafikitsa pa zisanu, n'kuziyala mwadongosolo: mlengalenga unabala mphepo, mphepo moto, moto madzi, madzi dothi. Asing'anga a Ayurveda anatengera pomwepo, n'kumati matenda amadza zinthuzi zikasokonekera m'thupi.

Kummwera kwa India chiphunzitsochi anachimangira akachisi asanu a mulungu Shiva. Ku Kanchipuram amalemekeza dothi. Ku Thiruvanaikaval, kasupe amatumphukira m'chipinda chopatulika. Ku Tiruvannamalai amayatsa chimoto pamwamba pa phiri chaka chilichonse pa chikondwerero cha Karthigai Deepam. Ku Srikalahasti n'kwa mphepo. Ku Chidambaram, kumene mfumu Parantaka I inakuta denga ndi golide m'zaka za m'ma 900, kuseri kwa nsalu yotchinga kulibe fano, kuli danga lokha loimira mlengalenga.

Nanga zinthuzi zimakhudzana bwanji ndi imfa ndi mizimu? Munthu akamwalira, mtembo amautentha kuti chilichonse mwa zisanuzi chibwerere kwawo, phulusa n'kukalimwaza mumtsinje monga Ganges. Abale amapereka nsembe za mpunga woumba kwa masiku angapo kuti mzimu ukafike kwa makolo. Wofa imfa yoipa, kapena wosachitiridwa mwambo, amakhala bhuta, mzimu woyendayenda wosautsa amoyo. Koma m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Karnataka ku India, pa mwambo wa Bhuta Kola, mizimu ina ndi yoteteza mudzi: imalowa mwa wovina, n'kuweruza milandu ya anthu. Poopa kuti womwalira angasanduke bhuta wosautsa, banja lachihindu, ngakhale losauka, limayesetsa kuti maliro ayende mwamwambo wake wonse.