Maso ogona pa mtengo wa bonsai

Mtengo wa bonsai umakhala waung'ono kwa zaka makumimakumi, koma si kuchepa kwa mphika kokha kumene kumausunga choncho. Nthambi imakulira kunsonga, ndipo chaka ndi chaka masamba amanka natalikira thunthu. Mlimi angaibweze m'mbuyo podzutsa maso ogona, timphukira tobisala pa mfundo ndi pansi pa khungwa, tina tokhala chete zaka zambiri. Alimi a ku Japan amati dōbuki mphukira ikatuluka pathunthu kapena pa nthambi yakale yopanda masamba, ndipo amaisamala ngakhale ili ngati kanjere, poti ndiyo idzalowe m'malo mwa nthambi yotalikitsa.

Choyenera kufunsa nthawi zonse n'chakuti diso lagoneranji. Mu 1987, Gregory Lang ndi anzake anasiyanitsa tulo ta mitundu itatu: tobwera chifukwa nsonga ikupondereza maso a m'munsi, ta m'kati mwa diso lenilenilo tomwe timatha likamva kuzizira kokwanira, ndi tobwera ndi nyengo yoipa monga chilala. Lumo limathetsa toyambato basi. Kenneth Thimann ndi Folke Skoog anaonetsa kale m'ma 1930, pogwiritsa ntchito nyemba, kuti nsonga imatumiza pansi mankhwala otchedwa auxin oletsa maso kuphuka. Mlimi wa fodya amaziona akangothena mbewu yake, mphukira n'kubuka m'khwapa mwa masamba. N'chifukwa chake mekiri, kudula mphukira zatsopano za paini wakuda, amachita cha mu Juni kapena Julayi, chilimwe cha ku Japan chili pakati, mtengo uli ndi mphamvu zophukiranso.

Ena amati mawu onsewa ndi ongochulutsa gaga m'diwa: dulani kwambiri, mtengo uphuka. Pa mitengo ya ku Japan ya keyaki ndi momiji akunena zoona ndithu, mitengo imeneyi imaphuka ngakhale pachitsa. Koma yesani pa paini. Nthambi yake mukaisiya yopanda singano (masamba ake) ndi imodzi yomwe, nthawi zambiri imauma, chifukwa maso ake odalirika amakhala pakati pa singanozo. Ngakhale pa mtengo wosavuta, diso lomasulidwa limafunabe dzuwa lofika m'kati mwa nthambi ndi mizu yamphamvu yolidyetsa. Mtengo wofooka, kapena womwe wangosinthidwa mphika, uyenera kuthiriridwa, kupatsidwa feteleza ndi kusiyidwa ukule momasuka chaka chathunthu lumo lisanaukhudze.