Moŵa Wopanda Mwini: Mbiri ya Mkangano wa pa Msika wa Lilongwe

Amene anayendako madzulo pakati pa Msika wa Lilongwe ndi depoti ya mabasi, nadutsa kamsewu kamene anthu anakapatsa dzina loti Devil Street, adziŵa kuti funso lakuti munthu amwere kuti moŵa silinathe mu mzinda uno. Ochita malonda ena amati zidakwa zikuthaŵitsa ogula. Ena amati msika ndi wa aliyense, ndipo womwa nayenso ndi wogula. Ife tifuna kuona kumene mkanganowu unachokera, pakuti ambiri a ife tidzatumikira anthu a mbali zonse ziŵiri.

Makolo athu Acheŵa sankabisa moŵa. Ankamwera poyera, pa bwalo kapena pansi pa mtengo. Koma moŵa uliwonse unali ndi chifukwa chake ndiponso mwini wake. Unalipo wa dima, wothokozera amene athandiza kulima. Unalipo wa maliro ndi wa chinamwali. Unalipo wothira nsembe kwa mizimu mvula ikavuta. Mai wofulula ankayamba ndiye kulaŵa anthu akuona, kuti onse adziŵe kuti mu mtsuko mulibe choipa. Chipanda chinkayenda motsata ukulu, ana sankayandikira, ndipo wina akayamba ndeu akulu ankamtulutsa, mlandu wake nudzakambidwa kwa nyakwaŵa. Sitinena kuti kuledzera kunalibe. Tingoti woledzera ankaledzera pamaso pa anthu omdziŵa dzina ndi mtundu.

Boma la atsamunda litakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe mu 1904, amalonda a Chimwenye nafika, ndiponso fodya atayamba kukopa anthu m'zaka za m'ma 1920, panabadwa malo achilendo: bwalo lopanda nyakwaŵa, kumene moŵa ugulidwa ndi ndalama ndi munthu amene wofulula samdziŵa. Atsamunda anali kale ndi maganizo awo. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kuloŵetsa zakumwa zaukali m'zigawo zambiri za Afirika, ndipo kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kugula moŵa wa Azungu. Iwo eni ankamwa m'makalabu mwawo. Kachasu, amene dzina lake linachokera kwa Apwitikizi, ankatchezedwa mobisa.

Kum'mwera kunapezeka njira ina. Kuyambira mu 1909 mzinda wa Durban unadzitengera wokha ufulu wofulula ndi kugulitsa moŵa wa masese m'nyumba zake zomwera, phindu lake nkumayendetsera malokesheni. Mizinda ya ku Rhodesia inatengera, ndipo anthu athu opita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni anaziona nabwera nazo nkhani. Amene anataya pa njira imeneyi anali amai ofulula: mu 1929, ndiponso mu 1959 ku Cato Manor, amai anaukira nyumba zomwerazo. Apa tiphunzirapo kuti wolamula za malo omwera amakhalanso akulamula za thumba limene ndalama ya moŵa idzaloŵa. Chibuku, chimene chinayambira ku migodi ya ku Zambia, ndi mataveni amene chinkagulitsidwamo kuno kwathu, ndi zidzukulu za nzeru yomweyo.

Mipingo nayo sinalankhule chimodzi. Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, analetseratu moŵa kwa akhristu awo, kumwa ndi kufulula komwe. Ansembe a White Fathers, amene anatsegula Mua mu 1902, Likuni ndi Kachebere nazitsatira posachedwa, anadzudzula kuledzera koma sanatche moŵa wokhawo tchimo. Nchifukwa chake mpaka lero timanyozedwa kuti Aroma ndi akumwa, chitonzo chimene tiyenera kuvomera kuti nthaŵi zina tachiitana tokha. Asilamu, amene mzikiti wawo waukulu uli pafupi ndi msikawo, saulola konse. Magulu atatuŵa amagulitsa nsomba ndi tomato moyandikana, ndipo aliyense ali ndi muyeso wake wa chimene chili chonyansa pagulu.

Koma chimene chinaumitsa mkanganowu ndi mamangidwe a mzinda. Lilongwe atasankhidwa kukhala likulu, ntchito nkuyamba mu 1968 pansi pa Capital City Development Corporation, boma nkusamukira kuno mu 1975, mzinda unagaŵidwa m'zigawo za manambala. City Centre inamangidwa kutali ndi Old Town. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 kunapimidwa mapuloti akuluakulu. Ku Kawale, Mchesi ndi Chilinde anthu anathithikana. Mwini nyumba ya mpanda akamwa Carlsberg, amene fakitale yake inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 momwemo, palibe womuona. Wonyamula katundu pa msika, wogona m'chipinda chimodzi ndi mkazi ndi ana, khonde lake ndi msewu. Lamulo loletsa kumwera poyera limalembedwa mofanana kwa onse, koma amene limamgwira dzanja ndi wachiŵiriyu. Izi sizichotsa kulira kwa mai wogulitsa masamba amene amatukwanidwa tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa mwana wa sukulu wodutsa pomwepo.

Lamulo la moŵa la 1979 linafuna kuti wogulitsa akhale ndi chiphaso ndi malo odziŵika. Zinagwira pamene moŵa unali wolemera kunyamula. Mtsuko subisika, ngakhale paketi ya Chibuku imaoneka. Masacheti atafika, moŵa waukali unayamba kukwana m'thumba la malaya, pa mtengo umene ngakhale mwana akanatha, ndipo benchi lililonse la pa depoti linasanduka bala. Mavenda anachotsedwa m'misewu mu 2006, nabwereranso. Zambia inaletsa masacheti ake, otchedwa tujilijili, mu 2012. Malaŵi analetsa mu 2015, ndipo mipingo inali m'gulu la amene anakakamiza boma. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya za moŵa. Moŵa womwewo unali utasamukira kale m'timabotolo, ndipo totaidwa take timakokoloka ndi mvula m'ngalande za pa msika mpaka kukagwera mu mtsinje wa Lilongwe.